Wokankha Sajambula

Chaka chimene tinajambula galimoto ya amalume a mkazi wanga chinali chachitatu ndili pa chikamwini m'mbali mwa nyanja ya Chiuta.

Kwathu ndi kufupi ndi Entre Lagos, kumene njanji imalowera ku Malawi. Bambo anga anathawira kutsidyako nthawi ya nkhondo, ndipo pobwerera sanatenge njinga kapena malata ngati anzawo. Anabwera ndi makina ojambulira zithunzi, akuda, a maso awiri, lina pamwamba lina pansi, amene umawagwira pamimba n'kumasuzumira kuchokera pamwamba ngati ukuyang'ana m'chitsime. Anatilera ndi makina amenewo, kujambula anthu za pa bilyeti, chiphaso cha boma chija, ndi za maukwati, mpaka mafoni anabwera n'kuwalanda ntchito. Atamwalira anandisiyira makinawo ndi chitini cha mabisiketi. M'chitinimo munali zithunzi zakale, mapaketi a mankhwala otsukira, ndi rolo imodzi ya filimu yosatsegula, ya zithunzi khumi ndi ziwiri, zakuda ndi zoyera. Anandisiyiranso mtima wapachala. Ndi umene unanditulutsa sukulu ndili kinta kalase, kalasi yachisanu: pulofesolo, mphunzitsi wathu, anandikwapula pa mlandu wa mnzanga, ine ndinamulanda ndodo n'kuithyola pabondo, sukulu inathera pomwepo.

Amene sanakhalepo pa chikamwini sangamve zimene ndikunena. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi si langa. Munda ndimalima ndine, nkhokwe ndi ya mkazi. Apongozi aakazi akatulukira panjira, ine ndipatuke, ndilowe m'chinangwa mpaka adutse, poti sitiyang'anana kumaso ndipo sitilankhulana. Pa nkhani za mudzi mkamwini satsegula pakamwa. Amakumbukiridwa pofolera denga, pokoka bwato, pokumba manda. Anyamata a pamudzipo amatitcha atambala obwereka.

Ine ndinkafuna kuchoka. Msuweni wanga ali ndi shedi yokonzera njinga zamoto ku Cuamba, ndipo anandiuza kuti malo alipo, ndi kachipinda kuseri. “Koma sindikudikira mpaka mvula,” anatero pafoni. “Ikangogwa ndilemba wina.” Mkazi wanga anavomera. Kumusiya iye ndi kamwana kathu kakakazi sindikanatha, ndipo kumutenga kupita naye kwina, chitengwa, sikutheka popanda mawu a mwini mbumba. Mwini mbumba anali amalume ake aja. Ankhoswe anga anapitako kawiri. Koyamba anauzidwa kuti tikolole kaye. Kachiwiri anauzidwa kuti ithe kaye Ramadani.

Amalumewo anali ndi galimoto ya nthawi ya Apwitikizi, ya mphuno yaitali ndi bokosi kumbuyo, utoto utasuluka moti sungadziwe ngati inali yobiriwira kapena yabuluu. Amati nthawi ya nkhondo anaikwirira ndi bango kuti isalandidwe. Pambuyo pake inkanyamula nsomba zouma kupita kusiteshoni, mpaka anthu a njinga anailanda ntchito. Bateriya inafa kalekale. Inkalira pokhapokha itakankhidwa, ndipo masiku ena onse nkhuku zinkaikira pampando wa woyendetsa.

Tsiku lina ndinayanika za m'chitini pakhonde kuti zisachite nkhungu, amalume n'kutulukira. Anatola chithunzi chimodzi cha bambo anga. Chinali cha lole pa msewu wina ku Malawi. Loleyo inkaoneka bwinobwino mpaka zingwe za katundu, koma mitengo ya kumbuyo kwake inali yofafanizika ngati wina waipaka ndi dzanja lonyowa.

“Akamwini, ichi chinatheka bwanji? Mitengo ikuthawa.”

Ndinawafotokozera mmene bambo anandiphunzitsira. Suimitsa makina. Umaigwira galimoto m'galasi ikadali kutali, n'kumatembenuka nayo m'chiuno, liwiro lake likhale liwiro lako, ndipo umadina ukutembenukabe, osaima. Chimene ukuyenda nacho chimatuluka chooneka, zotsala zonse zimafafanizika.

Anachiyang'anitsitsa. Kenako anati, “Adzukulu anga amandijambula ndi mafoni awowa. Ine ndikuthamanga, fumbi kobo, koma pachithunzi ngati yaima pamaliro. Anthu akaona amati ndi khola la nkhuku.” Anandibwezera chithunzicho. “Mundijambulire chotere. Chikatuluka, itanani ankhoswe anu, tikhale pansi pa nkhani yanu ija.”

Ndinaona ngati Cuamba yafika pakhomo. Zithunzi khumi ndi ziwiri, galimoto imodzi. Ndinati sabata imodzi yakwana.

Msewu wake ndi umodzi. Umayambira pa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti, pamene galimoto imagona, n'kutsetsereka mpaka kudooko. Kumtunda kuli mchenga. Pakati umakhota mozungulira munda wa chinangwa, ndipo pokhotapo ndi pamene galimoto imakhala itatenga liwiro. Amalume ankagula botolo limodzi la gazolina, petulo, Loweruka lililonse, lokwana ulendo umodzi basi.

Loweruka loyamba ndinatenga makina n'kuyamba kutsikira pokhota paja.

“Akamwini, mukupita kuti? Nanga akankha ndani?”

Ndinayang'ana pansi pa mango. Panali amuna asanu ndi mmodzi atakhala, akusewera bawo, onse eni mudzi. Palibe anadzuka. Okankha tinali ife akamwini atatu: ine, wina wodwaladwala chifuwa, ndi wamkulu wathu, wa imvi, amene anabwera pamudzipo ine ndisanabadwe ndipo sanachokepo.

“Amalume, ine ndi wojambula.”

“Awiri sangaitulutse mumchenga. Mukankhe, ikalira muthamange. Si ndinu mnyamata?”

Zinayenda choncho. Makina ndinkasiyira mkazi wanga pokhota paja, mwana ali kumsana. Ine ndinkakankha mpaka motoru, injini yake, itatsokomola n'kulira, kenako n'kudumphira m'chinangwa, kudula njira, nthambi zikundimenya kumaso. Ndinkafika pamodzi ndi galimoto, mtima uli phaphapha, manja akunjenjemera, thukuta likudonthera pagalasi. Ndipo makina a bambo ali ndi khalidwe lawo: chimene chikupita kumanja, m'galasi chimaoneka chikupita kumanzere. Munthu wodekha amazolowera. Ine ndikawerama, thupi linkatsata zimene maso aona, n'kutembenukira kolakwika, galimoto n'kutuluka m'galasi. Ndinkadinabe ndi ukali, kupukusa filimu, kudinanso itapita kale.

Ikafika kudooko inkazima potembenuka. Ndiye ife atatu tiikankhe kubwerera kumtunda, amalume ali m'kati, chigongono pawindo, akupereka moni kwa asodzi.

Filimu siili ngati foni, siikuonetsa zimene wachita. Zonse zimakhala m'mimba mwa makina mpaka utatsuka rolo yonse. Koma dzanja limadziwa. Maloweruka anayi, zithunzi zisanu ndi zitatu, ndipo ndinkadziwa kuti palibe ngakhale chimodzi. Dzuwa linafika potentha kwenikweni, mango anayamba kupsa, ndipo madzulo mitambo inkaunjikana mbali ya ku Amaramba. Msuweni anasiya kuimba foni, ankangolemba uthenga kuti, “Nanga?”

Loweruka lachinayilo ndi limene ndinachita zopusa koyamba. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anali atatsika kudzaonerera. Nditatulukira m'chinangwa anafuula kuti, “Uyo, uyo! Tambala waona chimanga!” Anthu anaseka. Chilamu chimaloleza zimenezo, mlamu akhoza kukunyoza mmene angafunire iwe n'kumubwezera moseka. Ine ndinamugwira pakhosi pa malaya, makina akulendewera pamimba, ndipo pokokanapo chala chinadina. Chithunzi chachisanu ndi chinayi chinapita choncho. Mkazi wanga ndi amene analowa pakati, mwana akulira kumsana.

Tikukankha galimoto kubwerera, wamkulu uja anati, “Mphwanga, ukali wakowu usunge, ukankhire. Ine ndinabwera nawo woposa wako. Unathera pa bampala yomweyi.”

Ndinayang'ana imvi zake ndi mapazi ake ong'aluka mumchenga, mantha n'kundigwira.

Kunyumba mkazi wanga anandipatsa madzi, n'kudikira ndimwe.

“Bambo a mwana, wokankha sajambula. Ndiphunzitseni ine.”

“Makina a bambo anga si lichero.”

“Chabwino. Khalani nawoni pano mpaka imvi, ngati anzanu aja. Ine ndili kwathu, sindikuvutika.”

Ndinatuluka, ndinakazungulira kudooko, ndinabwerako. M'mawa mwake ndinamukoleka lamba wa makina m'khosi.

Zinali zitatsala zithunzi zitatu, ndiye panalibe zoyeserera kudina. Tinkaima m'mbali mwa msewu nthawi imene anthu a njinga amakwera ndi madengu a nsomba, iye n'kumawatsata m'galasi, ndipo pofika podina ankangoliza lilime, tcha! Ndinamuchenjeza za kumanja ndi kumanzere. Anasuzumira kamodzi n'kuseka.

“Ameneyu ndi kalilole basi. Ine ndimamanga duku pakalilole tsiku ndi tsiku. Chimakuvutani n'chiyani pamenepa?”

Ndinaona mmene ankatembenukira. Mapazi ali pamodzimodzi, chiuno chokha chikuyenda, pang'onopang'ono, ngati mmene amachitira posenza ndowa yodzaza. Wanjinga wina anamufunsa ngati achotse chipewa. Anati, “Palasani inu, nsomba zikuola.”

Loweruka lotsatira ndinakonza makina ndekha, ndinamuuza poima, n'kukwera kupita kumango. Tinakankha. Inatuluka mumchenga, amalume anaponya giya, inagwedezeka, osalira. Tinakankhanso. Wachifuwa uja anagwada m'mbali n'kuyamba kutsokomola. Motsetsereka galimoto inayamba kutisiya, wamkulu anaileka, akufuula kuti, “Isiye, mphwanga!” Ine sindinaisiye. Ndinati ikaima pano tidikiranso sabata, ndipo mvula siidikira. Ndinagwira chitseko cha kumbuyo, mutu pansi, ndikuthamanga nayo, ndikuitukwana ndi mawu amene sindingalembe pano. Sindinaone n'komwe kuti tafika pokhota. Titangodutsa inaphulika utsi wakuda kumaso kwanga n'kulira, ine n'kugwa chafufumimba m'fumbi.

Nditadzuka, mkazi wanga anali chiimire, makina ali pamimba.

“Zatha zonse zitatu,” anatero.

“Inali isanalire! Unajambuliranji?”

“Inkayenda. Munati ndijambule ikuyenda.”

Ndinatsuka tsiku lotsatira masana. Ndinatseka chitseko, ndinatsekera mawindo ndi matumba, ndinalowa pansi pa mabulangete awiri ndi rolo ndi kachitini kotsukira. M'menemo simuoneka kanthu, umagwira ntchito ndi zala zokha, ndipo filimu siifuna thukuta. Kunja malata akulira ndi dzuwa, ine ndili mu mdima, mpweya ukuchepa, filimu ikukana kulowa m'malo mwake. Kawiri konse ndinafuna kutaya bulangete n'kuiponya kukhoma. Ndinaluma mlomo mpaka magazi. Italowa ndinatseka kachitini, ndinatuluka ngati wavuuka m'nyanja. Madzi a pamjigo ndinasefa ndi nsalu, mankhwala a bambo anali atachita chikasu koma anasungunuka. Ndinathira, ndinagwedeza, ndinadikira, ndinatsanula, n'kuipachika pa chingwe ndi chopanira zovala.

Pafilimu zoyera zimaoneka zakuda, zakuda zoyera, koma ndinazolowera kuwerenga. Mwa zanga zisanu ndi zinayi, zooneka zinali: chinangwa, chinangwa, thambo, tayala limodzi, fumbi, ndi china cha chibwano cha mlamu wanga. Za mkazi wanga, choyamba mphuno yokha ya galimoto, chomaliza utsi. Chapakati ndicho.

Ndinachiunika pa nsalu yoyera padzuwa, ndinachijambula ndi foni n'kutembenuza mitundu. Galimoto yonse inali pamenepo, yooneka mpaka dzimbiri la pachitseko. Amalume ali ndi kofia, chibwano m'mwamba. Kumbuyo kwawo chinangwa ndi migwalangwa zafafanizika kukhala mizere, ngati mphepo. Chinaposa cha bambo anga. Koma chimene ukuyenda nacho chimatuluka chooneka, ndipo ine ndinkayenda liwiro limodzi ndi galimoto. Ndinali pamenepo kumbuyo, wowerama, mano pamtunda, miyendo yokha itafafanizika. Aliyense akanaona kuti galimoto ikukankhidwa.

“Dzidulenipo,” anatero mkazi wanga. “Amalume akufuna galimoto, sakufuna inu.”

Ndinadzidula pafoni pomwepo. Koma dzanja langa linali litagwira pamwamba pa chitseko, ndipo kuchotsa zala kunali kudula galimoto. Zinatsala zala zinayi m'mphepete. Ndinapalasa njinga mpaka ku vila, katauni ka Mecanhelas, kumene kuli shopu yosindikiza zithunzi. Ndinasindikiza chodulacho, chachikulu. Kenako, sindikudziwa chifukwa chake, ndinati asindikizenso chathunthu. Ndinachipinda n'kuchiika m'thumba la malaya.

Tinakhala pansi pa mango Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti. Ankhoswe a mbali zonse analipo, amalume pampando, ine pamphasa kumbuyo kwa nkhoswe wanga. Azimayi anakhala patali, apongozi atatembenukira kumbali. Nkhoswe wanga anapereka chithunzi ndi manja awiri.

Amalume anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachisendeza kutali, anachibweretsa pafupi. Anati, “Ndi imeneyi. Mmene inalili ndi mmenemu.” Chinazungulira m'manja mwa anthu, wina akuti ngati ndege, wina akuti nkhuku zinatsikira pati. Chitabwerera kwa iwo, anaika chala m'mphepete.

“Nanga zala izi n'zandani? Kapena galimoto yanga yamera manja?”

Anthu anaseka.

Amalume anapitiriza, “Komanso ndamva kuti wojambula ndi mwana wathu yemwe. Ndiye luso lili pamudzi pompano.” Anasekanso, mlamu wanga mokweza kuposa onse. Amalume anadikira phokoso lithe, n'kutembenukira kwa ine. “Tsopano akamwini, inu mukapita ku Cuamba kwanuko, idzakankhidwa ndi ndani?”

Nkhoswe wanga anandigwira bondo. Ndinamva dzanja lake, ndikulikumbukira mpaka lero. Koma ndinali nditaimirira kale. Mkamwini saimirira akulu atakhala. Ndinasolola chithunzi chathunthu n'kuchiponya pamapazi pawo.

“Onani galimoto yanuyo! Ilibe motoru, motoru wake ndine! Zaka zitatu ndikukankha mudzi uno, amuna ali pa bawo! Ndi ukwati umenewu kapena ndinagulidwa?”

Ndinanena zinanso. Ndinatchula nkhuku, ndinatchula manda amene ndinakumba. Pamene ndinkamaliza mwana wanga anali akulira kumbali ya azimayi. Amalume anawerama, anatola chithunzicho, anachiongola pabondo, anachipukuta fumbi ndi mkono wa mkanjo.

“Ankhoswe,” anatero osandiyang'ana, “mwana wathu tingamupereke kutali ndi munthu wotere? Kuno akakwiya tilipo. Kumeneko adzalowa pakati ndani? Aphunzire kaye kukhala pansi.”

Anadzuka n'kulowa m'nyumba ndi zithunzi zonse ziwiri.

Patapita masiku awiri tinali kudooko ndi wamkulu uja, tikumata bwato la eni ake. Anati, “Mphwanga, unafulumira. Mkuluyo akafuna kuvomera amayamba ndi kuseka munthu. Ndi mmene alili. Ndinamva kuti anali atauza apongozi ako kuti asinje ufa wa kamba wa paulendo.”

“Munamva kwa ndani?”

“Ndinangomva.”

Mwina ankanena zoona, mwina ankafuna kundiphunzitsa. Amene akudziwa ndi apongozi, ndipo apongozi sindingawafunse. Tikakumana panjira ndimalowa m'chinangwa. Ndinafunsa mkazi wanga ngati anaona ufawo. Anapitiriza kupukuta galasi la makina ndi nsonga ya chitenje, n'kuti, “Mukadziwa mutani nazo?”

Mvula inagwa sabata yotsatira. Msuweni analemba wina, ndipo anandiuza mosabisa. Ankhoswe anga akuti tidzayesanso tikakolola, ndikapepesa ndi nkhuku, ndipo nkhukuyo ndinapereka kale. Makina amakhala m'sutikesi ya mkazi wanga tsopano. Filimu ina kulibe, koma nthawi zina m'mawa ndimamupeza m'mbali mwa msewu akutsata anthu a njinga, akuliza lilime.

Chimene anapachika amalume pabalaza si chodula chija. Ndi chathunthu, chokhala ndi mzere wa popinda pakati. Alendo akafunsa kuti uyu kumbuyoyu ndani, amati, “Ameneyo ndi motoru wanga, ananena yekha.” Msewu ukauma, Loweruka, amatuma mwana kudzandiitana. Ndimapita. Malo anga ndi kumanja, pamene utoto wa pachitseko unayamba kuyera chifukwa cha manja.